Gemu yatsopano ikukana pa makina akale: kuthetsa mavuto a magemu odumpha a homebrew

Dandaulo la osewera silisintha. Makatiriji akale akuyenda bwinobwino, koma gemu yatsopano, yongotuluka kumene m'bokosi, ikungothwanima kapena kuima pakati pa ulendo. Magemu a homebrew, opangidwa ndi anthu paokha kapena timagulu tochepa popanda kudzera ku Nintendo kapena Sega, achuluka ndithu. Battle Kid: Fortress of Peril inatuluka pa NES mu 2010, Tanglewood pa Mega Drive mu 2018, Micro Mages mu 2019 itapanikizidwa mu 40 KB yokha, ndipo mapulogalamu ngati NESmaker, GB Studio ndi SGDK akopa anthu ambiri kuyamba kupanga awo. Koma makina amene magemuwa amayendapo ndi nkhalamba: Famicom ndi ya 1983, NES ya 1985, Mega Drive ya 1988, Game Boy ya 1989.

Magemu odumpha, aja a platform, ndiwo amaulula msanga pamene pafooka. Chithunzi chimayenda chammbali osapuma, kagawo kowerengera miyoyo kamayenera kukhala duu pamene zina zonse zikuthamanga, ndipo kuwoloka dzenje kumadalira mafulemu (zithunzi zosinthana kambirimbiri pa sekondi) awiri kapena atatu. Kavuto komwe simungakaone pa gemu ya mafunso, apa kakugwetsani m'dzenje kakhumi.

Oganiziridwa ndi anayi: makina, katiriji, TV ndi zingwe zake, ndi gemu yeniyeniyo. Ntchito yonse ndi kuwalekanitsa.

## Musanatsegule chilichonse

- Ikani katiriji yakale ya kampani imene mukudziwa kuti ndi yabwino, makamaka ya gemu yoyenda chammbali. Ikakananso, homebrew ilibe mlandu. Yang'anani makina, magetsi kapena TV.
- Yesani katiriji yatsopanoyo pa makina ena a mtundu womwewo.
- Ngati muli ndi fayilo ya ROM, yomwe ndi gemuyo ili ngati fayilo, iyeseni pa emulator yolondola, pulogalamu ya pa kompyuta yotsanzira makinawo: Mesen pa NES, BlastEm pa Mega Drive, SameBoy kapena BGB pa Game Boy. Vuto likaonekanso pamalo omwewo, lili mu gemu.
- Sinthani chinthu chimodzi, yesani, kenako china. Mukasintha zitatu nthawi imodzi simudzadziwa chomwe chachiza.
- Zimitsani makina musanalowetse kapena kuzula katiriji.

Adaputa iwerengeni musanaibaye, chifukwa apa ndi pamene makina ambiri amafera. NES ya ku America imalandira 9 V AC. Famicom imafuna DC yokhala ndi negative pakati, ndipo adaputa ya NES ikalowamo imaiwononga. Mega Drive yoyamba imafuna negative pakati, pamene Mega Drive 2 imafuna positive pakati. Adaputa yolembedwa 100 V kapena 120 V isalowe pa soketi ya 220 V mpaka 240 V popanda chotsitsira magetsi.

## Kanyali ka NES kakuthwanima, kapena sikirini ili bii

Choyamba onani bwino zomwe zikuthwanimazo. Ngati dzina la gemu likuoneka loyera bwino kwa sekondi imodzi kenako n'kuzima, pitani pa chachiwiri. Ngati ukungothwanima mtundu umodzi wopanda chithunzi, yambani ndi choyamba.

1. Mapini akuda kapena otopa. Ichi ndicho chimachitika kawirikawiri kuposa zonse. NES yolowetsa katiriji kutsogolo ili ndi cholumikizira cha mapini 72, ndipo chifukwa katiriji imakanikizidwira pansi ikalowa, mapiniwo amanyentchera pakapita zaka. Makatiriji akale amene akhala akulowamo amawazolowera, yatsopano sikhululuka. Nyowetsani kathonje ka pa kamtengo ndi spiriti wa isopropyl wa 90% kapena kuposa, pukutani mbali zonse ziwiri za mapini a katiriji mpaka thonje lizituluka loyera, dikirani mphindi 5 kuti paume. Katiriji yatsopano nayo ipukuteni, chifukwa imatha kubwera ndi zotsalira za powotcherera. Musauziremo ndi pakamwa. Zimaoneka ngati zathandiza chifukwa choti mwazula n'kulowetsanso, koma chinyezi cha mpweya wanu chimasiya dzimbiri.

2. Chip yoletsa, yotchedwa 10NES kapena CIC. Chip ya m'makina imalankhulana ndi inzake ya mu katiriji, ndipo zikapanda kumvana makina amadzizimitsa n'kuyakanso pafupifupi kamodzi pa sekondi. Opanga homebrew amaika chip yotsanzira, ndipo zambiri mwa izo zimatha kusintha chigawo: NTSC ya ku America, PAL-A ya ku UK, Italy ndi Australia, kapena PAL-B ya maiko ena a ku Ulaya. Kanyali kakamathwanima choncho, dinani Reset, dikirani pang'ono, dinaninso, kangapo. Ikapeza chigawo cholondola imachikumbukira. Anthu ambiri amabweza katiriji yabwinobwino chifukwa chosawerenga kapepala kofotokoza zimenezi. Famicom ndi NES-101 ya 1993 yolowetsa pamwamba zilibe chip imeneyi, choncho pa makina amenewo musataye nthawi ndi mfundoyi.

3. Bolodi la katiriji losadulidwa bwino. Bolodi la NES liyenera kukhala la 1.2 mm ndipo m'mphepete mwake mosongoka pang'ono kuti lizilowa mosalala. Lonenepa kapena lakuthwa ngati mpeni limakankha mapini n'kuwapinda. Katiriji ikafuna mphamvu kuti ilowe, siyani pomwepo. Mukaiumiriza, mawa makatiriji akale nawo ayamba kukana.

Pa Game Boy, chizindikiro cha Nintendo chimene chimatsika poyatsa chimawerengedwa kuchokera mu katiriji momwemo, ndiye chimagwira ntchito ngati choyezera chaulere. Chikatsika ngati kabokosi kakuda, makina sakuiona katiriji. Chikatsika chothyokathyoka, mapini ena sakugunda, pukutani. Chikatsika choyera bwino koma gemu osayamba, nthawi zambiri checksum, nambala yotsimikizira header (kagawo ka ROM kofotokoza gemu), ndi yolakwika, ndipo wopanga gemu amaikonza ndi pulogalamu ya rgbfix m'kanthawi kochepa.

Pa Mega Drive, makina ambiri otuluka pambuyo ali ndi TMSS, imene imafufuza mawu oti SEGA mu header. Uthenga wa chilolezo wa zilembo zoyera ukaoneka kenako mdima, makina awerenga header koma gemu yagwa poyambira: mapini akuda, gemu yotsekera chigawo china, kapena wopanga anaiyesa pa makina oyambirira okha opanda TMSS. Sikirini yofiira yonse kawirikawiri imatanthauza kuti gemu yadziwerengera checksum n'kupeza kuti sizikugwirizana. Pukutani mapini, ngati ndi fayilo, ikopereninso.

## Pa kompyuta ikuyenda, pa flash cart ikukana

Apa mawu ofunika ndi mapper. NES payokha imaona 32 KB ya pulogalamu ndi 8 KB ya zithunzi, ndiyo 40 KB ija ya Micro Mages. Gemu yokulirapo imafuna chip mu katiriji yosinthanitsa zigawo za memory, ndipo flash cart, katiriji yoyendetsa magemu a pa khadi la memory monga EverDrive N8 kapena PowerPak, iyenera kutsanzira chip imeneyo. Magemu a kale ankagwiritsa ntchito MMC1, MMC3 ndi zina zodziwika. Homebrew ili ndi zakezake: mapper 30, imene NESmaker imagwiritsa ntchito ndipo imafika 512 KB, mapper 111 ya GTROM, ndi mapper 28 ya Action 53.

- Firmware yakale, ndiyo pulogalamu yoyendetsa flash cart. Flash cart yokhala ndi mafayilo a zaka zapitazo mwina siidziwa mapper yatsopano. Tengani firmware kwa wopanga flash cart, ikani foda yonse pa khadi, osati fayilo imodzi yokha. Ngati flash cart yanu ndi yokopera, chenjerani: firmware ya yeniyeni imatha kuipha.
- Header yolakwika. Mabayiti 16 oyambirira a fayilo ya .nes amanena nambala ya mapper, kukula kwa ROM, mirroring ndiponso ngati pali kusunga. Emulator zina zimakonza zolakwika mwakachetechete, flash cart imangomvera zomwe zalembedwa. Tsegulani fayilo mu Mesen, onani nambala ya mapper, fananitsani ndi yomwe wopanga ananena.
- Khadi la SD. Lifomateni FAT32 n'kukoperamonso zonse. Makhadi achinyengo, olembedwa 64 GB pamene m'kati muli 8 GB, amaononga mafayilo osanena kanthu. Magemu awa ndi ang'onoang'ono, khadi la 4 GB kapena 8 GB lodalirika ndi lokwanira.
- Fayilo idakali mu zip, kapena inaduka potsitsa. Fananitsani CRC32, nambala yotsimikizira kuti fayilo ndi yathunthu, ndi ya wopanga ngati anaipereka.
- Makina otsanzira. Retron 5 siyendetsa katiriji mwachindunji. Imakopera ROM kenako n'kuiyendetsa pa emulator, ndiye bolodi lomwe silidziwa silitheka kukopedwa. Makina otchipa a chip imodzi nawo amalephera mapper zina. Awa si matenda ochizika ndi spiriti.

Pa Mega Drive gwiritsani ntchito fayilo ya .bin kapena .md, mtundu wakale wa .smd uli ndi mabayiti osanjidwa mosiyana. Gemu yoposa 4 MB imafuna mapper ya SSF, imene inatenga dzina ku Super Street Fighter II, ndipo si flash cart iliyonse imaitha. Pa Game Boy, GB Studio imatulutsa magemu a MBC5, choncho bolodi lodziwa MBC1 yokha silikwanira, ndipo gemu yopangidwira Game Boy Color yokha siyenda pa Game Boy yoyamba ija.

## Nyimbo ikumveka bwino koma zithunzi zasokonekera

1. Mapini a mbali ya zithunzi. Katiriji ya NES ili ndi njira ziwiri zosiyana, ina yopita ku CPU, ina yopita ku PPU imene imajambula. N'chifukwa chake gemu imatha kuyenda ndi kuimba bwino pamene zithunzi zili ndi mizere yoimirira kapena zidutswa zosinthana malo. Pukutani, lowetsaninso, ndipo yesani kuikoka katiriji pang'onong'ono kubwerera kunja musanaikanikizire pansi.

2. Mirroring yolakwika. NES ili ndi 2 KB ya memory ya zithunzi za kumbuyo, yokwana masikirini awiri, ndipo katiriji ndiyo imanena ngati awiriwo agundane chammbali kapena wina pamwamba pa mnzake. Gemu yoyenda chammbali imafuna agundane chammbali, zomwe zimatchedwa vertical mirroring. Zikasemphana, sikirini yoyamba imaoneka bwino, koma mukangoyenda kumanja nsanja zatsopano zimayamba kumera pakati pa chithunzi chomwe mukuona, ndipo munthu wanu amaponda pamalo pooneka opanda kanthu. Pa fayilo, konzani header. Pa bolodi pamakhala timalo tiwiri towotcherera tolembedwa H ndi V, koma opanga samatanthauza chinthu chimodzi ndi zilembozi. Ena amanena za mirroring, ena za kasanjidwe, ndipo ziwirizi n'zosemphana. Funsani wopanga musanatenthe chilichonse.

3. Mitundu yolakwika m'mphepete mwenimweni mwa sikirini. Si vuto. NES imapereka mitundu m'timabokosi ta 16 x 16, ndipo gemu yoyenda mbali zonse imasowa pobisa msoko. Super Mario Bros. 3 ya Nintendo yomwe ili ndi msoko umenewu kumanja. TV zakale za chubu zinkabisa m'mphepete, pafupifupi mizere 8 pamwamba ndi 8 pansi mwa mizere 240. TV zatsopano zimaonetsa zonse. Dulani m'mphepete pa scaler, kabokosi kosinthira chithunzi, kapena pa TV ngati zikukusowetsani mtendere.

4. Gemu yoyesedwa pa PAL yokha. Nthawi yomwe gemu imaloledwa kulemba zithunzi zatsopano, pakati pa fulemu ndi fulemu, ndi mizere 70 pa NES ya PAL koma mizere 20 yokha pa NTSC. Wopanga amene anazolowera 70 amatha kupyola malire pa NTSC, ndipo zotsatira zake ndi zinyalala zothwanima kapena chithunzi cholumpha pamene zinthu zachuluka. Mu Mesen sinthani chigawo kuti mutsimikize, kenako mudziwitseni mwini gemu.

5. Kagawo ka miyoyo kakunjenjemera. MMC3 imawerenga mizere poyang'anira waya umodzi wa PPU wotchedwa A12. Pini imeneyo ikada, kapena makina akakhala otsanzira, kuwerengako kumasokonekera.

## Munthu wanu kapena adani akuthwanima, kapena kusoweratu

Nthawi zambiri ndi malire a makina basi. NES imajambula ma sprite 64, tizithunzi toyenda topanga munthu ndi adani, koma 8 okha pa mzere umodzi. Game Boy ili ndi 40, ndipo 10 pa mzere. Mega Drive ili ndi 80, ndipo 20 pa mzere chithunzi chikakhala cha 320 m'lifupi. Gemu yodumpha imaika aliyense pansi pamodzi, ndiye munthu wanu wa ma sprite awiri m'lifupi ndi adani anayi ofanana naye akaima pa mzere umodzi pa NES, afika 10, ndipo awiri ayenera kusowa. Wopanga wanzeru amasinthasintha amene akusowa fulemu iliyonse, n'chifukwa chake mumaona kuthwanima. Kuthwanimako ndi mankhwala, osati matenda. Choipa ndi pamene mdani asoweratu n'kukuphani osaoneka. Chimenecho muuzeni wopanga.

Koma pali china chimene anthu amachisokoneza ndi ichi. Mukagundidwa ndi mdani, magemu ambiri amathwanimitsa munthu wanu, fulemu imodzi aoneke, ina asaoneke. Makina akale amatulutsa chithunzi cha 240p, ndipo TV zambiri zatsopano zimachitenga ngati 480i n'kuphatikiza kapena kutaya mafulemu. Ndiye mukagundidwa, munthu wanu amasoweratu kwa masekondi awiri, kapena sathwanima n'komwe, kapena amaoneka wamizeremizere ngati chipeso. Mlandu uwu ndi wa TV kapena kabokosi kosinthira chithunzi. Pulogalamu yaulere ya 240p Test Suite, imene anaiyamba Artemio Urbina, ili ndi mayeso a mthunzi wothwanima oonetsa zimenezi poyera.

## Mwadina kudumpha koma akuchedwa

Fulemu imodzi ndi 16.7 ms pa 60 Hz, ndi 20 ms pa 50 Hz. Kuchedwa kwa mafulemu 4 kapena 5 kumakwanira kusandutsa gemu yabwino kukhala yosaseweleka, ndipo wosewera amayamba kudzikayikira yekha.

Yezani m'malo mongoganizira. Jambulani ndi foni pa slow motion ya mafulemu 240 pa sekondi, chala ndi sikirini zionekere limodzi. Werengani mafulemu a foni kuyambira pamene batani lafika pansi mpaka pamene phazi lanyamuka. Mafulemu 4 a foni ndi fulemu imodzi ya gemu ya 60 Hz. Chitani chimodzimodzi ndi gemu yakale ya kampani. Zonse ziwiri zikachedwa mofanana, vuto lili panjira ya chithunzi.

- TV siili pa Game Mode. Iyatseni pa khomo lenilenilo lomwe mwalowetsapo makina, chifukwa TV zambiri zimasunga zokonda za khomo lililonse padera. Zimitsaninso zonse zosalalitsa kayendedwe ka chithunzi ndi zochotsa timadontho pa chithunzi.
- Kabokosi kotchipa ka AV kupita ku HDMI. Ambiri a iwo anapangidwira makanema, amatenga 240p ngati 480i ndipo amawonjezera mafulemu angapo. Ma scaler opangidwira magemu, monga RetroTINK 2X, RetroTINK 5X ndi OSSC, amachedwa pang'ono kwambiri. Dziwani kuti OSSC silandira composite, chithunzi cha chingwe chachikasu cha AV, pamene NES yosasinthidwa imangotulutsa composite ndi RF. Musagule musanaone zimenezi.
- Padi yopanda waya. Yesani ya waya kuti mufananitse. Za Bluetooth zimakonda kuchedwa kuposa za 2.4 GHz.
- Labala wa m'kati mwa padi watopa. Ngati kudumpha kukuphonya nthawi zina osati kuchedwa nthawi zonse, tsegulani padi, pukutani timadontho takuda ta pa labala ndi pa bolodi mopepuka, kapena sinthani labala.
- Gemu yokha. Ina imafuna mudine pa fulemu yeniyeni imene phazi lili pansi. Ina imakukhululukirani mafulemu angapo mutachoka kale pa nsanja. Ngati gemu yakale ikumvera bwino pa TV yomweyo, ndi mmene wopanga anaipangira.

## Liwiro kapena nyimbo sizili bwino

Gemu yonse ikakhala yaulesi kuyambira pachiyambi, nyimbo yomwe, ndiye kuti yopangidwira 60 Hz ikuyenda pa makina a 50 Hz, ndipo yatsika ndi pafupifupi 17%. Ikathamanga mopitirira, ndi mosemphanitsa. Homebrew zambiri zimazindikira zokha chigawo n'kukonza nyimbo, koma si zonse zimakonza kayendedwe ka munthu. Onani ngati wopanga ali ndi fayilo ya chigawo chanu.

Ikamachedwa pokhapokha adani akachuluka, CPU yalephera kumaliza ntchito m'fulemu imodzi ndipo liwiro limagwa ndi theka kwa kanthawi. CPU ya NES ya NTSC imayenda pa 1.79 MHz basi. Palibe chokonza kwa inu.

Nyimbo ikamveka yoperewera zida zina pa NES, mwina gemu imagwiritsa ntchito chip yowonjezera mawu monga VRC6. Famicom imalola mawu ochokera mu katiriji, NES salola pokhapokha mmisiri ataika resistor, kawirikawiri ya 47 kΩ, pakati pa pini 3 ndi pini 9 pa khomo la pansi pa makina. Ikamveka yonse koma kamvekedwe kachilendo, makina ambiri otsanzira anasemphanitsa mitundu iwiri ya mafunde a mawu.

## Gemu ikuima pakati pa ulendo

Funso loyamba: ikuima pamalo amodzimodzi, paliponse, kapena makina akatentha?

Pamalo amodzimodzi, nthawi zonse: gemu kapena fayilo. Pa Mega Drive, CPU ya 68000 imagwa ikauzidwa kuwerenga mabayiti awiri kuyambira pa adiresi yosagawika ndi 2. Emulator zakale monga Gens zinkangodutsa osadandaula, choncho gemu yoyesedwa pamenepo pokha imafera pa makina enieni.

Chithunzi chaima pa NES, mwina nyimbo ikupitirira: ganizirani sprite 0. Magemu ambiri odumpha amabisa kadontho, kamene ndi sprite 0, pansi pa kagawo ka miyoyo ndipo amadikira kuti PPU inene kuti kadonthoko kagunda chithunzi cha kumbuyo, kenako n'kuyamba kuyendetsa gawo la pansi. Pini imodzi ya zithunzi ikada, kadontho sikagunda, ndipo gemu imadikira mpaka kalekale. Choncho kuima kotere kumatha ndi kupukuta mapini kawirikawiri kuposa mmene anthu amaganizira.

Imakana mukangoyatsa koma imayenda mukadina Reset, kapena imayenda pa flash cart koma osati pa katiriji yake: RAM yosayeretsedwa. Makina enieni amayaka RAM ili ndi manambala osadziwika, pamene emulator zina ndi menyu za flash cart zimaisiya yoyera. Mu Mesen muli posankha kuti RAM iziyamba ndi manambala achisawawa. Yesani kuyatsa ka 10 muone ngati igwe.

Paliponse, makamaka pakatha mphindi 20 kapena 30: magetsi.
- Adaputa yofooka. Flash cart imakoka magetsi ambiri kuposa katiriji wamba.
- Mabatire a Game Boy. Game Boy Pocket imayendera ma AAA awiri okha, ndipo ndi flash cart imayamba kuzimazima mabatire asanathe kwenikweni.
- Regulator ya 7805, kachipangizo kotsitsira magetsi mu NES kapena Mega Drive, iyenera kutulutsa pakati pa 4.75 V ndi 5.25 V. Kutentha pang'ono n'kwachibadwa. Kuyeza kwake kumafuna multimeter ndi dzanja lozolowera.
- Katiriji yokhala ndi chip za 3.3 V zolumikizidwa mwachindunji ku makina a 5 V popanda zosinthira mphamvu. Imayenda, koma chip zimapanikizika ndipo makina amakoka magetsi oposa muyezo. Opanga homebrew odalirika amanena poyera kuti bolodi lawo ndi la 5 V kapena lili ndi zosinthirazo. Katiriji ikamatuluka yotentha, lekani kuigwiritsa ntchito.

## Akuyenda yekha, kapena mabatani asokonekera

Munthu wanu akamasuntha yekha pang'ono kumanja mwa apo ndi apo pa NES ya NTSC kapena Famicom, makamaka ng'oma za nyimbo zikamalira, padi yanu ilibe vuto. CPU ikamatenga mawu a DPCM, mawu ojambulidwa monga a ng'oma zija, pa nthawi yomwe ikuwerenga padi, batani limodzi limadumphidwa ndipo gemu imaona ngati mwadina kumanja. Pa nsanja yopapatiza zimenezi ndi imfa. CPU ya PAL ilibe vutoli, n'chifukwa chake opanga a ku Ulaya ena saliona. Mankhwala ali mu pulogalamu: kuwerenga padi kawiri kapena kuposa mpaka mayankho agwirizane.

Zina ndi zachidule. Batani lomatirira ndi litsiro. Mabatani onse akafa kapena kudinika limodzi, waya waduka pafupi ndi pulagi, kapena chip ya 4021 mu padi ya NES yafa. Padi ya mabatani 6 ya Mega Drive ikasokoneza gemu, gwirani Mode poyatsa makina kuti ikhale ya mabatani 3. NES zina za PAL zimakana mapadi a NTSC. Osewera anayi pa NES amafuna Four Score, kabokosi kolowetsamo mapadi anayi, ndipo kaswichi kake kakhale pa 4.

## Zosunga zikufufutika

Dziwani kaye mmene katiriji yanu imasungira, chifukwa njira zilipo zitatu.

- SRAM, memory yosunga mothandizidwa ndi batire. Batire la CR2032 labwino limaonetsa pafupifupi 3 V. Makatiriji a Game Boy amakhala ndi CR1616 kapena CR2025. Likatsika kwambiri lisintheni. Potsegula mumafunika chomasulira cha gamebit, 3.8 mm pa makatiriji a Nintendo, 4.5 mm pa a Mega Drive, ngakhale homebrew zambiri zimamangidwa ndi zomangira wamba. Pa NES, gwirani Reset pozimitsa.
- FRAM, memory yosunga yokha. Ilibe batire. Zikafufutika, ganizirani mapini kapena gemu.
- Flash yomweyo ya gemu, monga pa mapper 30 ndi 111. Gemu imafufuta kachigawo ka 4 KB n'kulembamonso. Mukazimitsa pakati pa ntchitoyi mwataya zonse, choncho dikirani masekondi angapo chizindikiro chosunga chikazima.

Pa flash cart, mitundu yotchipirapo monga Mega EverDrive X3 imalemba pa khadi pokhapokha mutadina Reset kubwerera ku menyu musanazimitse. Onaninso ngati header ikunena kuti gemu imasunga. Popanda zimenezo flash cart silemba kanthu. Pa Mega Drive, SRAM imakhala pa adiresi 0x200000, pomwe gemu yoposa 2 MB imafunanso malo omwewo, ndiye wopanga ayenera kuitsegula ndi kuitseka bwino. Gemu yaikulu ikamagwa nthawi yosunga yokha, yambirani pamenepo pomufotokozera.

## Apa siyani, itanani mmisiri

- Fungo la kupsa, utsi, kapena adaputa yotentha yosagwirika. Zulani pa soketi, musayesenso.
- Makapasita otupa kapena otuluka madzi, kawirikawiri ndi fungo ngati la nsomba. Madziwo amadya timizere ta mkuwa ta pa bolodi.
- Chilichonse cha m'kati mwa TV ya chubu. Imasunga magetsi oopsa ngakhale itazulidwa pa soketi. Adaputa nayonso isatsegulidwe.
- Kudula pini 4 ya chip ya 10NES. Kumathetsa kuthwanima koma sikuyeretsa mapini, ndipo dzanja likaterereka mwadula pini yoyandikana nayo.
- Kusintha batire lowotcherera. Gulani lokhala ndi timiyendo take. Kuwotcherera pa batire lenilenilo kungaliphulitse.
- Mizere yoimirira yosowa pa sikirini ya Game Boy yoyamba. Imakonzedwa potenthetsa riboni ya sikirini, ndipo kutentha kukapitirira sikirini yatha.
- Zithunzi zosokonekera pa makatiriji onse ngakhale mapini ali oyera. Mwina RAM kapena PPU ikufa.

Ngati mayeso akuloza ku gemu, mmisiri wake ndi amene anaipanga, ndipo ambiri amatulutsa fayilo yokonzedwa akauzidwa bwino. Mulembereni nambala ya mtundu wa makina yomwe ili pansi pake, chigawo chake, ngati ndi enieni kapena otsanzira, dzina la flash cart ndi nambala ya firmware, CRC32 ya fayilo, ngati vuto limabwera poyatsa kapena pambuyo pa Reset, ndi kanema wamfupi woyambira masekondi 10 gemu isanagwe.